Lewis Mataka Bandawe: Mkulu wa Mpingo Amene Adamasulira Chipangano Chatsopano m'Chilomwe

(Nyimbo yotsegulira pulogalamu, itsike pang'onopang'ono)

WOULUTSA: Yakwana nthawi ya pulogalamu yathu yokumbukira anthu amene adatumikira Mulungu ndi anthu anzawo mosatopa. Lero tikamba za bambo Lewis Mataka Bandawe.

Ena mwa inu dzinali mukulimva koyamba. Ena mumalidziwira ku Blantyre, pa malo ochitira misonkhano a Grace Bandawe Conference Centre, amene ndi a Sinodi ya Blantyre ya mpingo wa CCAP. Mayi Grace amene dzina lawo lili pamalopo adali akazi awo a bambo amene tikuwakumbukira lerowa.

A Bandawe sadabadwire kuno ku Phalombe. Koma ngati pali boma limene lili ndi ngongole kwa iwo, ndi lathu lino. Ambiri a ife kuno ndife Alomwe, ndipo bambo amenewa adagwira ntchito ziwiri zimene Mlomwe aliyense akudyerera mpaka lero, kaya akudziwa kaya sakudziwa. Adamasulira Chipangano Chatsopano m'Chilomwe, ndipo adaima pamaso pa boma la atsamunda kulipempha kuti lisiye kutchula mtundu wathu ndi dzina lonyoza.

Adabadwa cha m'ma 1887 m'dziko la Alomwe, ku Mozambique, masiku amene Apwitikizi adali asanakhazikitse mphamvu zawo m'madera onse a kumeneko. Kumudzi kwawo kudalibe sukulu, kudalibe tchalitchi, ndipo chinenero chawo chidali chisanalembedwepo m'buku loti mwana n'kuphunziriramo. Mwana wa nthawi imeneyo ankakula akudziwa khasu, misampha ndi nthano za agogo, komanso mantha, chifukwa malonda a akapolo adali asanatheretu m'njira zopita kunyanja yamchere.

Chimene chidatembenuza moyo wa mnyamatayu ndi kubwera kwa mlendo wina, bambo John Gray Kufa. A Kufa adali mmodzi mwa atsogoleri oyamba achikuda pa mishoni ya Blantyre, imene amishonale a ku Scotland adaitsegula mu 1876. Adali m'gulu la madikoni amene mbusa David Clement Scott adawasankha, uja adamanga tchalitchi cha St Michael and All Angels pakati pa 1888 ndi 1891. Adalinso mmodzi mwa anthu akuda oyamba kuphunzira ntchito yachipatala pa mishoniyo. Chakumapeto kwa zaka za m'ma 1890 mishoni idawatuma kwa Alomwe kuti akayambe ntchito ya Mulungu, ndipo kumeneko ndi kumene adakumana ndi kamnyamata kotchedwa Mataka. Pobwerera ku Blantyre, mnyamatayo adapita nawo kukayamba sukulu.

Apa ndifuna muone chinthu chimodzi, omvera. Nthawi zambiri tikamakamba za chiyambi cha Chikhristu m'dziko muno timangotchula azungu. Koma Uthenga Wabwino udafika kwa Lewis Bandawe kudzera mwa munthu wakuda mnzake, woyenda pansi, wonyamula mankhwala ndi buku. M'midzi yambiri ya Mulanje ndi Phalombe zidayenda chimodzimodzi. Mzungu ankakhala pa mishoni, koma amene ankagona m'midzi, kudya nsima ya chinangwa ndi nandolo pamodzi ndi eni mudzi, n'kumaphunzitsa ana pansi pa mtengo, adali aphunzitsi ndi alaliki achikuda, ndipo ambiri mayina awo sadalembedwe paliponse.

Ku Blantyre mnyamatayo adapeza dziko lina. Mishoni nthawi imeneyo inkatsogozedwa ndi mbusa Alexander Hetherwick, ndipo maphunziro ake sadali a m'kalasi mokha. Ana ankaphunzira kuwerenga, kulemba ndi masamu, komanso ukalipentala, ulimi, kusindikiza mabuku ndi ntchito yachipatala. Belu likalira m'mamawa, tsiku linkayamba ndi mapemphero, kenako ntchito. Mwana wolankhula Chilomwe adayenera kuphunzira Chinyanja kuti amvane ndi anzake, ndi Chingerezi kuti apite patsogolo m'kalasi. Zinenero zimenezi, zimene adaziphunzira chifukwa chosowa pothawira, ndi zomwe zidadzakhala zida zake za moyo wonse.

(Nyimbo yaifupi)

WOULUTSA: Kuti timvetse kulemera kwa ntchito ya bambo amenewa, tiyenera kukumbuka mmene zinthu zidalili kwa Alomwe masiku amenewo, ndipo nkhani imeneyi ndi ya makolo athu enieni kuno ku Phalombe.

Alomwe ena adakhala m'chigwa chino ndi kum'mawa kwa nyanja ya Chilwa kuyambira kale, malire asanalembedwe. Koma chikhamu chachikulu chidayamba kulowa kumapeto kwa zaka za m'ma 1890 ndi kumayambiriro kwa zaka za m'ma 1900. Ankathawa msonkho wa Apwitikizi, ntchito yokakamiza, nkhanza za asilikali awo, ndiponso njala. Ankabwera mabanja mabanja, mayi mwana kumsana, mtolo pamutu, bambo khasu paphewa. Adalipo Amihavani, Atakhwani, Amanyawa, Amarenje, Akokhola ndi ena, aliyense ndi kalankhulidwe kake. Ambiri adadutsa m'chigwa chathu chino, ena pampata wa pakati pa phiri la Mulanje ndi la Michesi, pomwe Angerezi adamanga linga la Fort Lister mu 1893 pofuna kutseka njira ya ogulitsa akapolo. Kalembera wa boma wa 1921 adapeza Alomwe oposa 120,000 m'dziko muno. Pofika 1945 adali pafupifupi 380,000.

Atafika kuno sadapeze mpumulo. Malo abwino ambiri m'maboma a Mulanje, Thyolo, Chiradzulu, Zomba ndi Blantyre adali kale m'manja mwa azungu a maesiteti. Wofuna pomanga nyumba ndi polima ankauzidwa kuti alipire ndi thukuta lake. Imeneyi ndiyo thangata: mwezi wogwirira malo okhala, mwezi wina wogwirira msonkho, ndipo kawirikawiri miyeziyo inkatalika monga mwini esiteti wafunira. Munthu wothawa kwawo sakanatha kukana, chifukwa akathamangitsidwa adalibe kolowera. Minda ya thonje, ya fodya ndi ya tiyi imene idalemeretsa atsamunda idalimidwa kwambiri ndi manja a Alomwe. Ndipo pamwamba pa zonsezi, anthu amene ankagwira ntchito yolemetsa kuposa onse ndi amene ankanyozedwa kuposa onse. M'makalata a boma ndi pakamwa pa anthu ankatchedwa Anguru, dzina limene lidasanduka chitonzo, lotanthauza munthu wobwera, wosaphunzira, woyenera ntchito yakalavulagaga basi. Ana ambiri adakula akubisa mtundu wawo, ena adasiya dala kulankhula chinenero cha amayi awo.

Lewis Bandawe akadatha kuchita chimodzimodzi. Adali wophunzira, wolankhula Chingerezi, wokhala pa mishoni yotchuka. Akadafuna, akadangokhala phee ku Blantyre, palibe akadawafunsa kumene adachokera. Koma mu 1913, pamene mishoni ya Blantyre idatsegula nthambi yake pa Mihecani, m'dera la Alto Molócuè m'chigawo cha Zambezia, iwo adanyamuka kubwerera kwa anthu a kwawo. Pamene anthu zikwizikwi ankathawa m'dziko la Apwitikizi kulowera kuno, iwo ankalowera komwe anzawo ankathawako. Adakhala kumeneko zaka 15, mpaka 1928.

Pa Mihecani adali mphunzitsi ndi mlaliki, ndipo ntchito yambiri ya pamalopo idatsamira pa iwo, popeza ndi iwo amene ankamva chinenero ndi mtima wa anthu. Sizidali zaka zofewa. Boma la Apwitikizi linkakayikira mamishoni a Chipulotesitanti ochokera kumaiko ena. Chaka chimodzi chokha chitadutsa, mu 1914, nkhondo yoyamba ya dziko lonse idabuka.

Kenako kudabwera nkhani yowawa yochokera kuno. Pa 23 Januwale 1915 mbusa John Chilembwe wa ku Mbombwe, ku Chiradzulu, adaukira boma la atsamunda, ndipo mwa madandaulo ake akuluakulu mudali nkhanza za thangata pa esiteti ya A. L. Bruce ku Magomero ndi kutengedwa kwa anthu akuda kukafera nkhondo ya azungu. Ambiri mwa omutsatira adali Alomwe. Mmodzi mwa atsogoleri a kuukirako adali John Gray Kufa, yemwe uja adatenga Mataka kumudzi n'kupita naye kusukulu. Boma lidawagwira a Kufa n'kuwapha chaka chomwecho. Ganizirani mtima wa munthu amene ali kutali, akuphunzitsa ana, n'kumva kuti amene adamutsegulira khomo la maphunziro ndi la chikhulupiriro waphedwa ndi boma.

Nkhondo ija nayo idafika pakhomo penipeni. Mu Novembala 1917 asilikali a Germany, motsogozedwa ndi Paul von Lettow-Vorbeck, adaoloka mtsinje wa Ruvuma kulowa mu Mozambique. Pakati pa chaka cha 1918 adali m'dziko la Alomwe, adadutsa ku Alto Molócuè, ndipo kumapeto kwa Ogasiti adamenyana koopsa pa Lioma ndi asilikali a King's African Rifles, ambiri mwa iwo anyamata ochokera kuno ku Nyasaland. Kumene magulu ankhondo adutsa, nkhokwe zimatsala zopanda kanthu ndipo amuna amagwidwa kukhala amtengatenga. Nkhondo isanazizire n'komwe, chimfine choopsa cha 1918 chidasesa anthu m'midzi. M'zaka zoterezi ndi mmene a Bandawe adapitiriza sukulu ndi mapemphero pa Mihecani.

(Nyimbo yaifupi)

WOULUTSA: Ngati mwangotsegula kumene wailesi yanu, tikukumbukira moyo wa bambo Lewis Mataka Bandawe, mphunzitsi, womasulira ndi mkulu wa mpingo. Tsopano tifike pa ntchito imene ine ndimaiona kuti ndi yaikulu pa zonse zimene adachita.

Chipangano Chatsopano chili ndi mabuku 27 ndi mitu 260. Kuchimasulira m'chinenero chimene chili kale ndi mabuku ndi ntchito ya zaka. Nanga kuchimasulira m'chinenero chimene anthu sadagwirizane n'komwe za kalembedwe kake? Womasulira amayenera kuyamba wakhazikitsa kuti liwu lakutilakuti tizililemba ndi zilembo ziti. Chilomwe chili ndi maliwu amene m'Chichewa samveka chimodzimodzi, ndipo kalankhulidwe ka Mmihavani kamasiyanako ndi ka Mtakhwani. Tsono usankha kalankhulidwe kati kuti onse amve, wina asaone ngati watayidwa? Ukatha pamenepo, ukumana ndi mawu akuluakulu a chikhulupiriro. Dzina la Mulungu lidalipo kale, Alomwe ankamudziwa Muluku amishonale asanabwere. Koma chisomo, chiombolo, kulungamitsidwa, pangano, Mzimu Woyera, zonsezi zimafuna munthu wodziwa bwino Malemba, wodziwanso mmene nkhalamba ya kumudzi imaganizira. Ukasankha mawu olakwika, anthu adzapemphera zolakwika kwa zaka zambiri. Paja akuluakulu adati kuona maso a nkhono n'kudekha. Vesi limodzi limatha kudya tsiku lathunthu: kulilemba, kuliwerengera akuluakulu a m'mudzi, kumva pamene akukwinya nkhope, n'kubwerera kukalikonza.

Kumbukiraninso kuti kudalibe kompyuta, kudalibe magetsi. Kudali cholembera, inki, pepala ndi nyali. Ndipo womasulirayo sadapatsidwe tchuthi kuti angokhala pa tebulo. Usana adali m'kalasi, Lamulungu adali pa guwa, pakati pa sabata ankayendera masukulu a m'midzi, kunyumba kudali banja lofuna chakudya. A Bandawe adagwira ntchitoyi mothandizana ndi amishonale a ku Scotland, ndipo Chipangano Chatsopano cha Chilomwe chidasindikizidwa mu 1930. Baibulo lathunthu la Chinyanja, Buku Lopatulika lija tonse timalidziwa, lidatuluka mu 1922. Choncho padangodutsa zaka 8 kuti anthu amene ankatchedwa osaphunzira akhale ndi Uthenga Wabwino m'chinenero chawo.

Wina angafunse kuti, popeza Alomwe ambiri ankamva Chinyanja, panali chifukwa chanji chovutikira? Funso limeneli amafunsa ndi munthu amene sadamvepo agogo ake akupemphera. Munthu amatha kugula ndi kugulitsa pamsika m'chinenero cha eni ake, koma akamalira maliro, akamalapa, akamadandaulira Mlengi wake pakati pa usiku, amabwerera ku chinenero chimene adayamwira. Buku la Machitidwe a Atumwi limatiuza kuti pa tsiku la Pentekoste anthu a mitundu yosiyanasiyana adamva uthenga aliyense m'chinenero cha kwawo. A Bandawe adakhulupirira kuti Mlomwe nayenso ali m'gulu limenelo. Kwa munthu amene tsiku lililonse ankauzidwa ndi kapitawo wa pa esiteti kuti chinenero chake n'chachabechabe, kuona chinenero chomwecho chitasindikizidwa m'buku loyera, chitanyamula mawu a Yesu, kudali kumuuza kuti iyenso ndi munthu pamaso pa Mulungu. Ulaliki woposa pamenepo ine sindiudziwa.

Atabwerera ku Nyasaland mu 1928, a Bandawe adalowa ntchito m'boma, ku nthambi ya zamakhoti. Adakhala kalaliki ndi womasulira pa bwalo lalikulu la milandu ku Blantyre, ndipo adagwira ntchitoyi zaka zambiri mpaka adakwezedwa pa udindo. Boma la Britain lidawapatsa ulemu wa MBE.

Tisaipeputse ntchito ya womasulira m'khoti la masiku amenewo. Woweruza adali mzungu, maloya adali azungu kapena amwenye, malamulo adali m'Chingerezi. Woimbidwa mlandu nthawi zambiri adali munthu wa kumudzi amene sadalowepo m'kalasi, ndipo pa milandu yakupha chilango chidali chingwe. Pakati pa munthu ameneyu ndi woweruza padaima munthu mmodzi yekha, womasulira. Iye akafupikitsa mawu chifukwa cha ulesi, akasokoneza "ndidamukankha" ndi "ndidamukantha", akalandira kanthu kuseri kuti apotoze umboni, munthu wosalakwa akhoza kupachikidwa. Pa mpando wotere pamafunika munthu woopa Mulungu kuposa mmene amaopera woweruza. Luso lomwe lija adalinola pomasulira Mateyu ndi Yohane, losalola kuwonjezera kapena kuchotsa pa zimene zanenedwa, ndi limene adalowa nalo m'khoti.

Pano pali nkhani imene sitiyenera kuizemba. A Kufa adatenga njira youkira boma ndipo adaphedwa. Wophunzira wawo adagwira ntchito m'khoti la boma lomwelo mpaka kulandira mendulo yake. Alipo amene anganene kuti mmodzi adali ngwazi, winayo adagonja. Ine sindikuona choncho. A Chilembwe ndi a Kufa timawalemekeza, ndipo n'koyenera. Dziko lathu limakumbukira a Chilembwe pa 15 Januwale chaka chilichonse. Koma mtundu wa anthu sukhala ndi moyo chifukwa cha ofera okha. Pamafunikanso ena otsala, odzuka m'mamawa uliwonse kukaphunzitsa ana, kulemba mabuku, kuonetsetsa kuti wosauka wamveka m'khoti. Ndipo zimene a Bandawe adachita mu 1943 zikuonetsa kuti kukhala m'kati mwa boma sikudawatseke pakamwa.

M'chaka chimenecho adatsogolera kukhazikitsidwa kwa bungwe la Lomwe Tribal Representative Association, loyankhulira Alomwe. Pempho lawo lalikulu lidali lakuti boma lisiye kugwiritsa ntchito dzina lonyoza lija m'makalata ndi m'mabuku ake, ndipo anthuwa azitchedwa ndi dzina lawo lenileni, Alomwe. Adafotokozera akuluakulu a boma kuti anthu amenewa sadangotumphuka, ali ndi kwawo kufupi ndi phiri la Namuli, ali ndi mbiri, chinenero ndi miyambo. Boma lidamva, ndipo m'zaka zomwezo za m'ma 1940 lidavomera kusintha. Sadanyamule mkondo kapena mfuti. Adagwiritsa ntchito makalata, misonkhano, ndi mbiri yawo yabwino imene adaimanga pa zaka zambiri za kukhulupirika, moti ngakhale mtsamunda sakadatha kuwanyalanyaza.

Lero mwana wa ku Phalombe akamalemba pa fomu kuti ndi Mlomwe, amalemba mosaganizira kawiri. Kalembera wa 2018 adaonetsa kuti Alomwe ndi mtundu wachiwiri kukula m'Malawi, pafupifupi anthu 19 pa 100 alionse. Chaka ndi chaka anthu amasonkhana kwa Chonde ku Mulanje pa mwambo wa Mulhako wa Alhomwe, kuvina tchopa ndi kudya kalongonda poyera, mosachita manyazi. Zonsezi zili ndi poyambira pake, ndipo pamodzi mwa poyambira pake ndi pa tebulo la mkulu wa mpingo ameneyu.

Ndichenjezepo apa, chifukwa nkhani za mitundu m'dziko muno zimatha kupsa msanga, makamaka nyengo ya chisankho ikayandikira. A Bandawe sadamenyere nkhondo kuti Mlomwe akhale pamwamba pa Myao, Mmang'anja, Mngoni kapena Mchewa. Adapemphera ndi kutumikira monga mkulu wa mpingo pakati pa Akhristu a mitundu yonse ku Blantyre, ndipo m'khoti ankamasulira mawu a aliyense wobwera, osafunsa mtundu wake. Chimene adakana n'chakuti munthu wolengedwa ndi Mulungu azichita manyazi ndi mayi amene adamubala. Wogwiritsa ntchito dzina la Alomwe pofuna kunyoza mitundu ina kapena kupezerapo mavoti sakuyenda m'mapazi a bambo amenewa.

(Nyimbo yaifupi)

WOULUTSA: Atakalamba, a Bandawe adasiyira dziko mphatso ina. Adafotokoza mbiri ya moyo wawo, ndipo katswiri wa mbiri yakale Bridglal Pachai, amene ankaphunzitsa pa Yunivesite ya Malawi, adaikonza kukhala buku lotchedwa Memoirs of a Malawian, limene lidasindikizidwa ndi a CLAIM ku Blantyre mu 1971. Ndi limodzi mwa mabuku ochepa kwambiri amene Mmalawi wobadwa zaka za m'ma 1880 akusimba yekha zimene adaona ndi maso ake. Aphunzitsi a mbiri yakale m'sukulu zathu za sekondale, bukuli lifunefuneni. Ana athu amaloweza mayina a David Livingstone ndi Harry Johnston, koma dzina la munthu amene adalemba chinenero cha agogo awo sadalimvepo.

Chimene chimandiwawa n'chakuti chinenero chimene bambo amenewa adachivutikira chikuzilala pakati pathu. Kuchokera mu 1968, pamene Chichewa chidasankhidwa kukhala chinenero cha dziko lonse pamodzi ndi Chingerezi, zinenero zina zidasowa malo m'sukulu ndi pa wailesi kwa zaka zambiri. Koma tisaloze boma lokha chala. Manyazi aja adabzalidwa nthawi ya thangata adamera mizu m'nyumba zathu. Lero m'midzi yambiri ya kuno, agogo amalankhula Chilomwe, makolo amangomva koma kuyankha amayankha m'Chichewa, adzukulu samva n'komwe. Kutsidya kwa malire, ku Milange, ku Gurué ndi ku Alto Molócuè, ana akusewerabe m'Chilomwe. Chichewa n'chathu, chimatilumikiza ndi Amalawi anzathu, ndipo ndi chimene ndikulankhula nanu pano. Koma mwana amatha kunyamula zinenero ziwiri kapena zitatu popanda vuto. A Bandawe adanyamula Chilomwe, Chinyanja ndi Chingerezi.

Palinso china. Anthu onga a Bandawe sadathe. M'mipingo yathu yonse kuno ku Phalombe, kaya ndi ya CCAP, ya Katolika, ya PIM, ya Adventist, ya Church of Christ kapena ina iliyonse, muli akuluampingo, makatekisiti, madikoni ndi amayi a Mvano ndi a mabungwe ena amene atumikira zaka makumi osalandira malipiro. Ndi amene amapalasa njinga kukayendera odwala, amene amafika koyamba pa siwa n'kuchoka komaliza kumanda, amene amaphunzitsa kalasi ya ubatizo mvula ikugwa. Napolo atatsika m'phiri la Michesi mu Malichi 1991, komanso namondwe wa Freddy atatikantha mu Malichi 2023, anthu otere ndi amene adatsegula matchalitchi kuti osowa pogona agonemo, adathandiza kufukula ndi kuika m'manda abale athu, natonthoza amasiye pamene iwo eni adali ataferedwa. Ambiri a iwo akamwalira, mbiri yawo imawerengedwa mphindi zisanu pamaliro, pepalalo n'kutayika. Za a Bandawe tikuzidziwa chifukwa wina adakhala nawo pansi n'kulemba.

Tsono pempho langa likupita kwa inu achinyamata a m'mipingo ndi a m'sukulu. Ambiri muli ndi foni zotha kujambula mawu. Sabata ino pitani kwa mkulu wa mpingo wokalamba wa m'mudzi mwanu, kapena kwa agogo aakazi amene adayamba nawo mpingo wanu. Afunseni kuti tchalitchi choyamba adamanga ndani, mphunzitsi woyamba adachokera kuti, makolo awo adaoloka malire chaka chiti ndipo adadzera njira iti. Ngati angathe kusimba m'Chilomwe, asiyeni asimbe m'Chilomwe, inu mujambule, kenako mulembe m'kope n'kukapereka kwa abusa kapena kwa mlembi wa mpingo kuti lisungidwe. Inu abusa ndi akuluampingo, ngati mumpingo mwanu muli wodziwa kuwerenga Malemba m'Chilomwe, mpatseni mpata Lamulungu lina awerenge, ana amve. Ndipo inu agogo amene mukumvera pulogalamu ino muli ndi mdzukulu pambali, usiku uno muphunzitseni kupemphera m'chinenero chimene amayi anu adakuphunzitsirani.

Nthawi yathu yathera pamenepa.

(Nyimbo yotsekera)